Malovu akauma sikuti poizoni watha: zomwe ndinaona achimwene atamwa mankhwala a thonje

Ngati m'bale wanu wagonekedwa chifukwa cha mankhwala opopera thonje kapena masamba a kudimba, ndipo m'mawa mwake mwamupeza atakhala tsonga akupempha phala, musayambe kuvutitsa anamwino kuti amutulutse. Ine sindine dokotala. Ndine mphunzitsi wa biology pasukulu ina ya sekondale kuno ku Chipata, ndipo zomwe ndilembe pano ndinaziona ndi maso anga pa achimwene anga aakulu. Zina mwa izo ndinali nditaziphunzitsa kwa zaka ndithu pabolodi, koma ndinadzazimvetsa bwino nditakhala pabenchi ya m'wodi.

Achimwene amalima thonje kumudzi kwathu, cha ku Chadiza. Chaka chimenecho, mwezi wa February, nsabwe za m'masamba zinavuta, ndipo mankhwala omwe anatenga pangongole anali atatha. Mnansi wathu wina, mwa chifundo chabe, anawathirirako dimethoate m'botolo la chakumwa. Botololo analiika pawindo. Madzulo akuchokera kumunda, ludzu lili tho, m'nyumba muli mdima, analitenga n'kupapira. Fungo linawamenya atameza kale.

Alamu anandiimbira foni akulira. Kumbuyo kwawo ndinkamva anthu akukangana, wina akuti abweretse mkaka, wina mafuta ophikira, wina madzi a mchere kuti asanze. Ndinati: “Alamu, ndimvereni bwino. Musawamwetse kalikonse. Avuleni malaya ndi thalauza ngati zanyowa ndi mankhwala, asambitseni ndi sopo, agonekeni chammbali kuti malovu azitsikira pansi. Botolo litengeni, ndipo tumani mwana akatenge chigubu chenichenicho kwa aneba, chokhala ndi pepala lake. Pezani njinga yamoto pompano.” Mkaka ndi mafuta sizipha poizoni. Kusanzitsa ndiye koopsa kwambiri, chifukwa mankhwala amenewa amasungunulidwa m'madzi ena a mtundu wa parafini, ndipo munthu amene wayamba kufooka akasanza, masanziwo amalowa m'mapapo.

Pachipatala chaching'ono chapafupi anawabaya atropine n'kuwatumiza pa ambulansi ku chipatala chachikulu, komwe ine ndinakawachingamira. Ndinawapeza atanyowa thupi lonse ndi thukuta, malovu akuyenderera, misozi ikutsika, atadziipitsira. Timboni ta maso tinali titafinyikana kungotsala kadontho. Chifuwa chinkalira kolokoto pakupuma kulikonse. Chinthu chomwe sindidzaiwala ndi minofu ya pantchafu ndi pazikope: inkaphiriphitha yokha pansi pa khungu, apa kenako apo, mwini wake osaigwedeza. Namwino ankathyola timabotolo ta atropine kamodzi pambuyo pa kanzake, akuwirikiza muyezo pakapita mphindi 5 zilizonse, uku akumvetsera chifuwa ndi kuwerenga kugunda kwa mtima. Timabotolo topanda kanthu tinadzaza kambale kachitsulo kaja. Amayi ataona zimenezi anandigwira dzanja nati, “Mwanawe, jakisoni zonsezi sawapha nazo?” Ndinawauza kuti namwinoyo akufuna chifuwa chiume ndiponso mtima uzigunda kupitirira ka 80 pa mphindi, ndipo asiya akafika pamenepo. Anasiyadi. Malovu anauma, kolokoto uja anatha, achimwene anatsegula maso n'kufunsa kuti ng'ombe zalowa m'khola kodi.

Kuti mumvetse zomwe zinadzatsatira, ndiloleni ndikhale mphunzitsi pang'ono.

Selo iliyonse ya m'thupi yakutidwa ndi kakhungu kopyapyala ka mafuta. Timchere tosungunuka m'madzi a m'thupi, monga sodium, potassium, calcium ndi chloride, timanyamula mphamvu ya magetsi ndipo sitingabowole kakhungu kameneka patokha. Kunja kwa selo kumachuluka sodium, mkati mumachuluka potassium, ndipo selo ya mnofu ikamapuma mkati mwake mumakhala pafupifupi mamilivoti (timiyezo tating'ono ta magetsi) 90 kumunsi kwa ziro poyerekeza ndi kunja. Timchereto timadutsira pa timakomo topangidwa ndi mapuloteni. Timakomo tina timatseguka magetsi a pakakhungu akasintha. Tina timadikira kuti kanthu kenakake kochokera kunja kadzakhale pamalo pake, ndipo timeneti ndi tomwe mabuku amatitchula kuti ligand-gated ion channels.

Pomwe mtsempha wonyamula uthenga umakumana ndi mnofu, ziwirizi sizikhudzana. Pamakhala kampata ka mananomita pafupifupi 50, ndipo mu milimita imodzi muli mananomita 1,000,000. Uthenga ukafika kunsonga kwa mtsempha, mtsemphawo umalavulira kanthu konyamula uthenga kotchedwa acetylcholine m'kampatako. Tsidya linalo, pakakhungu ka mnofu, pali timakomo tambirimbiri totchedwa nicotinic receptor. Kalikonse kamapangidwa ndi mapuloteni 5 ozungulira kabowo pakati, ndipo kali ndi malo 2 okhalapo acetylcholine. Ana anga a Giredi 12 ndimawauza kuti aganize za chitseko cha maloko awiri: makiyi onse awiri akalowa, chimatseguka kanthawi kochepa zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, kenako wina amabwera kudzazula makiyiwo kuti chitsekeke. M'kanthawi kameneko sodium amakhamukira mkati, potassium pang'ono amatuluka, magetsi a pakakhungu amakwera, ndipo mnofu umakokeka. Wozula makiyi uja ndi enzyme, puloteni yofulumizitsa ntchito za m'thupi, yotchedwa acetylcholinesterase, yomwe imakhala m'kampata momwemo ndipo imaphwanya acetylcholine zikwi zingapo pa sekondi imodzi. Nthawi iliyonse mukaphethira, mukameza nsima, mukakoka mpweya, zimenezi zachitika.

Dimethoate ndi anzake a m'gulu la organophosphate, monga chlorpyrifos, malathion, profenofos ndi dichlorvos, sakhudza timakomo tija mwachindunji. Amakamamatira pa enzyme ija n'kuilemaza. Acetylcholine amangounjikana, osachotsedwa. Timakomo timatseguka mobwerezabwereza, ndipo ndiko kuphiriphitha kuja ndinakuona pantchafu ya achimwene. Koma mnofu sungakhale wokokeka mpaka kalekale. Kakhungu kakakhala nthawi yaitali osabwerera pa magetsi ake opumira, timakomo ta sodium toyandikana nato timakanika kutsegukanso, ndipo timakomo ta acetylcholine tomwe timagontha, timakhala totseka ngakhale acetylcholine ali pomwepo. Uthenga wochokera ku ubongo umafika, mnofu osayankha. Chodabwitsa chake n'chimenechi: uthenga ukachulukitsa, mapeto ake ndi kufooka.

Nanga malovu aja, thukuta, kutsegula m'mimba, makhololo m'chifuwa, mtima kugunda pang'onopang'ono? Zimenezo n'zochokera kwa acetylcholine yemweyo, koma akukhala pa zolandirira za mtundu wina, zotchedwa muscarinic receptor, zomwe zili m'mtima, m'matumbo, m'mapapo, m'maso ndi m'tiziwalo totulutsa malovu ndi thukuta. Zimenezi si timakomo ayi. Zilibe kabowo, zimangopereka uthenga kwa mapuloteni ena mkati mwa selo. Atropine amatchinga zimenezi zokha. Pa timakomo ta nicotinic ta m'minofu ya khosi, ya manja ndi yopumira, atropine alibe mphamvu ngakhale pang'ono. Ndiye munthu akhoza kuuma malovu, maso kuyera, kuyamba kucheza, pamene minofu yake ikadali m'madzi.

N'zimene zinatichitikira. Achimwene atayamba kudya ndi kuseka, nkhani ya kunyumba inayamba. Thonje likudyedwa, ana ali okha, ndalama zodyera ife odikirira zikutha. Amalume, omwe mawu awo pabanja pathu sabwezedwa, anabwera n'kunena kuti, “Munthu wachira uyu, tikamumalizira kumudzi.” Ine ndinali ndi mfundo zanga, koma muphwa satsutsa amalume ake pamaso pa anthu, choncho ndinangowapempha kuti, “Amalume, tiyeni timve kaye a dokotala akabwera.”

Dokotala wake anali mtsikana wamng'ono, wosalankhula zambiri. Anagoneka achimwene chagada, anachotsa pilo, nati, “Bambo, dzutsani mutu, chibwano chikhudze pachifuwa.” Anaudzutsa. Iye anaika chikhatho pamphumi pawo n'kukankha pang'ono chabe, mutu unagwera pamatiresi. Anawauza kuti akoke mpweya kamodzi n'kuwerenga manambala mokweza mpaka mpweya utathe. Anawayang'ana mmene akumezera madzi. Kenako anatembenukira kwa amalume mwaulemu nati, “Bambo, awa sakupita. Ndipo amene akugona nawo usiku aziwauza kuti adzutse mutu chonchi pafupipafupi. Akalephera, kapena mawu akayamba kutulukira m'mphuno, kapena akatsamwa ndi madzi, aitane namwino nthawi yomweyo, asadikire kuti kuche.”

Chomwe ankaopa chili ndi dzina lake, intermediate syndrome. Madokotala awiri a ku Sri Lanka, Senanayake ndi Karalliedde, ndiwo anachifotokoza mu 1987, ataona odwala omwe anali atapulumuka gawo loyamba la poizoni akufooka mwadzidzidzi pakati pa maola 24 ndi 96 chimwereni mankhwalawo. Dimethoate anali m'gulu la mankhwala omwe odwalawo anamwa. Kufookako kumayambira m'khosi, kumaso, pakhosi pomezera, m'mapewa ndi m'ntchafu, kenako kumafika pa mnofu waukulu wa pansi pa mapapo womwe timapumira. Munthu amakhala ali maso, akudziwa zonse, koma mpweya ukumuchepera. Sachita phokoso ngati lija la tsiku loyamba, ndipo n'chifukwa chake wodikirira akhoza kuganiza kuti wodwala wangogona.

Usiku womwe zinachitika ndinali ine pampando. Ndinawadzutsa kuti, “Achimwene, dzutsani mutu.” Ndinaona mitsempha ya m'khosi ikuyesa, mutu osasuntha. Anandiyankha mawu osamveka bwino, ngati munthu wa chimfine chachikulu. Nditayang'ana pamimba, m'malo motukuka pokoka mpweya pankalowa mkati, mapewa ndiwo ankakwera. Ndinathamangira namwino. Pasanapite nthawi anali atawatengera ku chipinda cha odwala mwakayakaya, atawalowetsa paipi kukhosi, makina akuwapumira. Ndimaganiza nthawi zina za msewu wa kwathu nthawi ya mvula, ndi mtunda wochoka kumudzi kufika pomwe pali makina otero. Tikanawatulutsa masana aja, sitikanabwerera nawo pa nthawi yake.

Pa gawo limeneli palibe jakisoni wodzutsa minofu. Pali mankhwala otchedwa pralidoxime omwe amatha kumatula poizoni pa enzyme ija ngati aperekedwa msanga, chifukwa pakapita nthawi poizoniyo amamatirira kotheratu. Sapezeka paliponse, ndipo ngakhale madokotala sagwirizana kuti amathandiza kwambiri bwanji. Chomwe chimapulumutsa munthu ndi kumupumira mpaka thupi litapanga enzyme yatsopano ndipo timakomo tija titayambanso kumva. Kawirikawiri zimatenga sabata imodzi kufika masabata atatu. Achimwene anakhalitsa ndithu pamakinawo, koma anachokapo, ndipo lero akulima.

M'masiku odikirira amenewo ndinkawerenga pafoni za anthu omwe anatulukira zinthuzi, mwina pofuna kuti mutu usamangoganiza za maliro. Mu 1905 John Langley wa ku Cambridge anaona kuti nicotine, wopezeka mu fodya, amakoka mnofu wa nkhuku ngakhale mtsempha wake utadulidwa, ndipo curare, poizoni wa pamivi ya ku South America, amaletsa kukokekako. Anati payenera kukhala kanthu pamnofu pomwepo kolandira mankhwalawa. Mu 1921 Otto Loewi anasonyeza ndi mitima ya achule kuti mtsempha umatulutsa madzi enaake onyamula uthenga, ndipo iye ndi Henry Dale analandira mphoto ya Nobel mu 1936. Kakomo ka nicotinic kenikeniko anadzakapatula mu 1970 Jean-Pierre Changeux ndi anzake ku Paris, kuchokera mu nsomba ya magetsi, pogwiritsa ntchito ululu wa njoka ya ku Taiwan womwe umamatirira pakakomoko osachokapo. Ndipo mu 1976 Erwin Neher ndi Bert Sakmann a ku Germany anayeza magetsi odutsa pa kakomo kamodzi kokha pamnofu wa chule, kakutseguka n'kutsekeka, ntchito yomwe inawapatsa Nobel mu 1991. Chinandisangalatsa n'chakuti pafupifupi chilichonse pamndandanda umenewu, fodya, njoka, achule, tili nacho pakhomo pathu pano.

Fodya, mwachitsanzo. Kakomo kaja kanatchedwa nicotinic chifukwa nicotine amakhala pamalo a acetylcholine n'kukatsegula. Amene mwathyolapo fodya m'mawa masamba akadali ndi mame, manja ndi malaya zitanyowa, mukudziwa chizungulire, nseru ndi kusanza komwe kumabwera masana. Ndi nicotine walowera pakhungu. Ana ndiwo amavutika nazo msanga chifukwa thupi lawo n'laling'ono. Njoka nazo: ululu wa mamba ndi wa mitundu ina ya cobra uli ndi mapuloteni omwe amakhala pamalo omwewo koma osatsegula, kungotchinga. Zikope zimagwa, munthu amalephera kumeza, kenako kupuma. Njira n'zosiyana ndi za dimethoate, koma pothera ndi pamodzi, ndipo munthu wotero nayenso amafunika kufika pomwe angamupumire.

M'wodi momwemo munali mnyamata wina yemwe poizoni anamugwetsa, akuphupha. Anamubaya diazepam ndipo anadekha. Apa panali kakomo kena, ka m'ubongo, kotchedwa GABA-A. Kameneka kakatseguka kamalowetsa chloride, yemwe amatsitsa magetsi a mkati mwa selo, selo n'kukhala yovuta kudzutsa. Diazepam amachititsa kuti kazitseguka pafupipafupi, pomwe phenobarbitone, yemwe ambiri odwala khunyu kwathu kuno amamwa, amachititsa kuti kazikhalitsa kali kotseguka. Mowa nawo umakankhira mbali yomweyo, ndiye chifukwa chake munthu wa mapiritsi amenewa akamwa kachasu amatha kugona tulo tosiya nato kupuma. Mnyamata uja, ndinamva pambuyo pake, sanamwe mwangozi. Achibale ake ena ankamukalipira ali pabedi. Sindinaone kuti zinathandiza chilichonse. Munthu wotero muthamangitsireni kuchipatala monga wina aliyense, uzani madokotala zoona zake ndi nthawi yomwe anamwa, ndipo akachira pempherani kuti aonane ndi alangizi, chifukwa chomwe chinamufikitsa pamenepo chimakhala chikadalipo.

Ndibwerere ku chigubu chija ndinauza alamu kuti atenge. Mankhwala a m'munda si amodzi, ndipo dokotala akaona dzina la mankhwala enieniwo papepala sayamba ndi kulota. Imidacloprid ndi acetamiprid, omwenso timapopera nsabwe za thonje, amakatsegula timakomo ta nicotinic ta tizilombo, ndipo amagwira kwambiri ta tizilombo kusiyana ndi ta anthu. Fipronil amatseka timakomo ta chloride ta tizilombo. Cypermethrin ndi lambda-cyhalothrin, omwe timaphera mbozi, amagwira timakomo ta mtundu wina uja, totseguka ndi magetsi. Onsewa sikuti amafuna atropine wochuluka ngati uja, ndipo atropine woperekedwa kwa munthu wosamufuna amamusokoneza mutu, kumutenthetsa thupi ndi kumuthamangitsa mtima. Gulu la carbamate, monga carbaryl ndi carbofuran, limalemaza enzyme yomwe ija ngati organophosphate, ngakhale kuti limamasuka lokha msanga. Dzina lalikulu lolembedwa pamwamba pa chigubu silikwanira, chifukwa mayina a malonda amasinthasintha. Chofunika ndi timalemba tating'ono tonena zomwe zili mkatimo. Ngati simungathe kunyamula chigubu, jambulani pepalalo ndi foni mbali zonse. Mzere wa mtundu womwe uli m'munsi mwa pepalalo umasonyeza kuopsa kwake: wofiira ndi wa mankhwala oopsa kwambiri, wobiriwira ndi wa oopsa pang'ono.

Mnansi wathu uja ankabwera kuchipatala nkhope ili pansi. Palibe anamuimba mlandu, chifukwa kugawana mankhwala m'mabotolo a zakumwa tonsefe tinkachita, ndipo pamisika amagulitsa choncho poyera, mopima ndi kachivindikiro. Ine ndimaona kuti chizolowezi chimenechi n'choopsa kuposa kusowa magolovesi, chifukwa botolo lotero lilibe dzina, lilibe muyezo, ndipo mwana aliyense amalidziwa kuti ndi la zotsekemera. A nyakwawa athu anaitanitsa msonkhano pambuyo pake, ndipo anagwirizana kuti wopempha mankhwala azibwera ndi sipuleya yake kumunda kwa mwini mankhwala, asakanizire pomwepo.

Powatulutsa, dokotala anawauza achimwene kuti asagwire mankhwala a gulu limeneli, ngakhale kuima pafupi ndi wopopera, kwa miyezi ingapo. Enzyme ija imabwerera pang'onopang'ono, ndipo munthu amene yake ikadali yochepa akhoza kugwa ndi kamuyezo komwe mnzake sangakamve n'komwe. Izi zikukhudzanso mankhwala ena a ufa othira m'chimanga chosunga, omwe ali ndi pirimiphos-methyl kapena fenitrothion, chifukwa nawonso ndi organophosphate. Anatiuzanso kuti ngati pakatha masabata angapo miyendo iyamba dzanzi kapena mapazi kukokeka pansi poyenda, tibwerere, popeza mankhwala ena a gululi amawononganso mitsempha mochedwa. Kwa achimwene zimenezo sizinachitike. Munda wa thonje anaumaliza kupopera msuweni wathu, atavala ovolosi ndi magambuti omwe ndinagula ku msika wa Kapata, ndipo chimanga cha chaka chimenecho anathira mankhwala ndi alamu.